Mdzukulu wa Golden Msowoya

Ambokile Mwalughali atapuma usilikali sanapite kutali. Anamanga nyumba ya malata kuseri kwa msika wa Chilumba, nalima chinangwa, naweta nkhunda, koma masiku ankamutalikira. Mkazi wake anali atamwalira, ana ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Amene anamupezera chochita ndi mlamu wake Emma, yemwe anthu ankamutcha NyaMhango, kutanthauza mwana wamkazi wa a Mhango. Mayiyu anali ndi sukulu ya mkaka m'kanyumba ka zipinda ziwiri pafupi ndi tchalitchi, ndipo ana ankamulemetsa ndi kusakhazikika.

"Alamu, moyo wanu wonse mwakhala mukuthamangitsa amuna a ndevu," anatero tsiku lina atabwera kudzamuona. "Bwerani muzidzandithamangitsirako tiana tanga m'mawa, kuti tikamalowa m'kalasi tizikhala titatopa."

Ambokile anavomera, ndipo ana anamupatsa dzina lakuti a Sajeni. M'mawa uliwonse ankawaika m'mizere pabwalo la mchenga, n'kuwadumphitsa, kuwatambasulitsa manja, kuwathamangitsa kukagunda mtengo wa mango n'kubwerera. Nyimbo zinali za Chingerezi, zimene NyaMhango ankazitenga pafoni, chifukwa makolo ankafuna kuti mwana akafika kunyumba azilankhulako Chingerezi. Ambokile ankaziimba mokhulupirika, monga anazolowera kuchita chilichonse chimene wauzidwa, ngakhale zinkakamba za zipatso ndi nyama zimene iye mwini sanazionepo.

Pakati pa anawo panali kamtsikana kena dzina lake Dora, ka zaka zisanu, ka khungu loyera ndi tsitsi lofewa lofiirira. Ambokile ankadziwa kumene kanachokera. Mayi ake, Pilirani, anagwirapo ntchito yophikira anthu ku mgodi wa Kayelekera, ndipo kumeneko anakondana ndi mzungu wina wokonza makina. Mgodi utaima mwamunayo anabwerera kwawo, Pilirani ali woyembekezera. Tsopano ankagulitsa mpunga mumsika wa Chilumba, ndipo mwanayo ankalembedwa dzina la agogo ake, bambo a Pilirani: Msowoya.

Golden Msowoya anali mnzake wa Ambokile wa paubwana. Bambo a Ambokile anachoka ku Ngerenge, kumpoto, kudzatenga puloti ku sikimu ya mpunga ya Wovwe iye ali wamng'ono, akungolankhula Chinkhonde chokha. Ana a kumeneko ankalankhula Chitumbuka, ndipo akangotsegula pakamwa ankamuseka. Masiku oyamba ankangokhala pamzere wa puloti kumaona anzake akusewera patali. Golden, mwana wa puloti yoyandikana nayo, ndiye anabwera, osanena kanthu, n'kumugwira dzanja kumukokera m'gulu. Mpunga ukakololedwa mapuloti ankauma n'kung'aluka, ng'ombe zikudya ziputu, ndipo sikimu yonse inkasanduka bwalo. Ankamenya mpira wa masamba a nthochi, ankakwapula nguli, ankapikisana kudumpha ngalande ya madzi. Atasinkhuka analowa limodzi m'boma, gulu lovina gule wa malipenga, Ambokile akuvina, Golden akuimba ng'oma. Golden anamwalira Dora asanabadwe, Ambokile ali ku ntchito kutali, ndipo maliro sanawafike.

Tsiku lina ana akuthamangira ku mtengo wa mango, Ambokile anacheuka n'kuona Dora atakhala pakhonde, chipewa chili kumutu, nsapato za anzake zitamuzungulira. Anakumbukira kuti dzulo lake anali pomwepo, ndi dzana lomwe. Iye ankangoganiza kuti mwanayo sakupeza bwino.

"Dora, bwanji sukuthamanga?"

"Ine ndimasunga nsapato, a Sajeni."

"Anakuuza ndani?"

Amene anayankha ndi Khumbize, kamtsikana kochangamuka kamene kankafika koyamba pa mtengo nthawi zonse, akupumira m'mwamba.

"Mzungu sathamanga padzuwa, a Sajeni. Amafiira. Ndiye amatisungira nsapato."

Sananene mwachipongwe. Ananena monga mwana amanenera kuti mbuzi imadya udzu. Anzake anagwedeza mitu kuvomereza, ndipo Dora yemwe anagwedeza.

Ana atalowa m'kalasi kukamwa phala, Ambokile anaitanira mlamu wake panja.

"Ndawaletsa kangapo dzina limenelo," anatero NyaMhango. "Koma ndingaletse ndani? Pamsewu akuluakulu omwe amamukuwa. Mayi ake nawo amati asamakhale padzuwa. Si iye yekha ayi. Nafisa, mwana wa a Ridwan a golosale aja, naye amamuseka kuti Chitumbuka chake n'cha ku Mangochi."

"Mundipatse Lachisanu," anatero Ambokile. "Masiku enawa tiziimba za pafoni zanuzo. Lachisanu tizisewera zakwathu."

"Makolo adzati tikuwaphunzitsa ana zakumudzi."

"Adzawerenga kudumpha kwawo m'Chingerezi."

NyaMhango anaseka, namupatsa Lachisanu.

Loweruka Ambokile anakwera minibasi, natsika pa mphambano, nakwera njinga ya kabaza kulowera ku Wovwe. Ankafuna zipanda zing'onozing'ono zopangira malipenga, ndipo ankaganiza kuti mwina ng'oma ya Golden ikadalipo. Panali patapita zaka zambiri asanapondeko. Mpunga unali wobiriwira mbali zonse, fungo la matope lili lomwe lija, amayi atawerama m'madzi nsalu atazikwinyira m'mawondo. Atafika pa ngalande anamuuza wa kabaza kuti aime. Anatsika naiyang'ana nthawi yaitali. M'mutu mwake ngalandeyo inali mtsinje, ndipo kuidumpha kunali kuika moyo pachiswe. Apa inali kamsewu ka madzi kamene munthu wamkulu akanangokalumpha osathamanga n'komwe. Komabe sanayese, chifukwa bondo lakumanzere linali litayamba kale kumuvuta.

Pabwalo pamene boma lawo linkavinira panali chigayo chopunthira mpunga, mankhusu ataunjikana mpaka pamene pankakhala azimayi olulutira. Mtengo wa mkuyu unali utadulidwa. Kuseri kwa chigayocho anapeza Hudson, mmodzi wa anzake ovina nawo amene anatsala, atakhala pa mpando wa ndalema akusoka thumba. Anayang'anana kaye, kenaka Hudson anataya thumba lija.

Analankhula Chitumbuka mpaka dzuwa linapendeka. Anatchula amene anamwalira, amene anapita ku Joni osabwerako, ndi amene analowa mipingo yoletsa magule. Anakumbutsana mmene ankachapira makabudula oyera ndi masokosi aatali, n'kuzisita ndi simbi ya makala, mmene ankayendera wapansi kukapikisana ndi maboma a midzi ina, fumbi lili kobo, atsikana akuwapukuta thukuta ndi mipango. Hudson anaimirira kuti aonetse mmene Golden ankapendekera mutu akamaimba ng'oma, ngati munthu amene akumvetsera nkhani ya kunong'onezana, ndipo onse awiri anaseka mpaka misozi.

"Nanga ng'oma yake?" anafunsa Ambokile.

Hudson anamutengera kuseri kwa khitchini. Ng'omayo inali itagona chammbali, chikopa chinatha kalekale, ndipo m'kati mwake munali nkhuku yakuda ikufungatira mazira. Inawayang'ana ndi diso limodzi, nifufumitsa nthenga.

"Ukafuna udzabwere ikaswa," anatero Hudson.

"Isiye. Ng'omayi yapeza ntchito."

Zipanda zokha anazipeza, thumba lonse. Hudson anamuuza kuti asavutike kufunafuna kansalu koyera ka kangaude komata pabowo, monga ankachitira kale. Anyamata a masiku ano amangomata kapepala ka jumbo, ndipo kamalira ndithu, kungoti mawu ake ndi owuma.

Lachisanu Ambokile sanaike ana m'mizere. Anawauza kuti avule nsapato aziike okha pakhonde, agwirane manja apange bwalo. Dora analowera kukhonde monga mwa masiku onse, koma iye anamuitana kuti abwere adzaime pafupi naye. Kenaka analowa pakati.

"Ine ndine Ambokile, mwana wa Mwalughali. Ndinabadwira ku Ngerenge, ndinakulira ku Wovwe. Kwathu timavina chonchi."

Anaponda kawiri ndi mwendo wakumanja, natembenuza phewa, nabwerera m'mbuyo mwaulemu monga wovina malipenga, dzanja lili m'mwamba ngati lagwira kampango. Ana anafa nazo kuseka, chifukwa anali asanaonepo a Sajeni akugwedeza thupi chotero. Anawauza kuti onse amutsanzire, ndipo bwalo lonse linaponda, ena ndi mwendo wolakwika.

Kenaka aliyense ankalowa pakati, kunena dzina lake ndi kwawo, n'kuonetsa kavinidwe kapena kadumphidwe kamene anaona kunyumba, anzake n'kutsanzira. Khumbize anati ndi NyaKalua wa ku Hara, nagwedeza chiuno monga amayi ake amachitira pa ukwati. Nafisa analowa mwamanyazi, nanena ndi mawu apansi kuti kwawo ndi ku Mangochi, kenaka anaguba mothamanga, mawondo m'mwamba, monga bambo ake anamuonetsera gule wa beni kuseri kwa golosale. Ana anamukonda gule ameneyo kuposa onse, ndipo anamubwereza mpaka fumbi linafika pakhonde.

Itafika nthawi ya Dora, analowa pakati n'kungoima, akupotokola m'mphepete mwa diresi.

"Ine sindikudziwa, a Sajeni."

Ambokile ananjuta patsogolo pake, bondo likulira.

"Dzina lako ndani?"

"Dora."

"Dora ndani?"

"Msowoya."

"Koma ndi mzungu," anatero Khumbize, pofuna kuthandiza.

Ambokile sanamukalipire. Anakhala pansi pamchenga, nauza ana onse kuti akhale.

"Bambo ake a Dora ndi mzungu, zimenezo n'zoona," anatero. "Khungu ili ndi tsitsi ili watengera kwa iwo, monga iwe Khumbize unatengera mpata wa mano kwa adada ako. Si chinthu chobisa, si chinthu chosekanso. Koma mwana sabadwa kwa munthu mmodzi. Mayi ake mumawaona kumsika. Ndipo bambo a mayi akewo ine ndinkawadziwa ali aang'ono ngati inu. Dzina lawo anali Golden Msowoya, akuda kuposa ine. Ku Wovwe konse kunalibe mwana wodumpha ngalande ngati iwo."

"Ngalande yaikulu?" anafunsa Nafisa.

Ambokile anakumbukira kamsewu ka madzi kaja.

"Kwa ife inali yaikulu kwambiri," anatero. "Ukalephera unkagwera m'madzi, n'kupita kunyumba kabudula akudontha, amayi ako n'kukukalipira."

Dora anali atasiya kupotokola diresi. Ankamuyang'ana pakamwa.

"Agogo anga?"

"Agogo ako. Magazi awo ali mwa iwe, ngati mmene a bambo ako alili. Ndiwe NyaMsowoya. Ndiwe mwana wa kuno, wa m'dziko lino la Malawi, wa mu Afirika muno, chimodzimodzi aliyense wakhala pabwalo pano."

Ana anafuna kudumpha ngalande nthawi yomweyo. Ambokile anatola kamtengo nalemba mizere iwiri pamchenga, nati pakati pakepo ndi madzi. Anati woyamba akhale mdzukulu wa Golden. Dora anabwerera m'mbuyo mpaka ku mpanda, chipewa chinagwa, nathamanga ndi mphamvu zake zonse. Anadumpha mochedwa, nagwera pakati penipeni pa mizere, manja ndi mawondo pansi.

"Wanyowa, wanyowa," anaimba anzake akuwomba m'manja.

Ambokile anadikira kuti aone ngati alira. Dora anadzuka, nayang'ana bondo lake limene linali litasupuka pang'ono, napita kukaima kumbuyo kwa mzere. Khumbize naye anagwera m'madzi, Nafisa naye, ndipo pofika nthawi ya phala panalibe mwana wouma ngakhale mmodzi.

Lolemba m'mawa Pilirani anabwera yekha kudzasiya mwana, nadikira mpaka masewero atatha. Anali mayi wamtali, wa mapewa ngati a bambo ake. Anagwada pang'ono popereka moni.

"Mwawuka uli, adada?"

Ambokile anayankha moniwo, namuonetsa benchi pansi pa mango.

"Mwana anabwera ndi bala pabondo, nkhope itafiira," anatero Pilirani. "Ndinakwiya, adada, sindinama. Anthu amandiyang'anitsitsa ndi mwana ameneyu. Akada pang'ono amati sindikumusamala. Akayera amati ndikumunyaditsa. Ndiye ndimangoti akhale pamthunzi."

"Chipewa azivala, dzuwa la kuno si lamasewera. Koma miyendo ili bwinobwino."

Pilirani anakhala pabenchipo.

"Loweruka lonse wakhala akundifunsa za agogo ake. Akuti ankadumpha ngalande, ankaimba ng'oma. Ine ndilibe chomuyankha. Ndine womaliza kubadwa. Pamene ndinkazindikira, adada anali atasiya zonsezo, msana utapindika ndi mpunga. Ndimangowakumbukira akukonza zikwakwa pakhonde."

Ambokile anamuuza. Anamuuza za mnyamata amene anamukoka dzanja pa mzere wa puloti, za tsiku limene chikopa cha ng'oma chinang'ambika mpikisano uli pakati, Golden n'kutembenuza ng'omayo kumaimba pa thabwa lake ndi timitengo mpaka gule anatha. Anamuuzanso kuti mayi ake a Pilirani anali mmodzi wa atsikana a mipango aja, ndipo Golden anaphonya ng'oma kamodzi kokha m'moyo wake, tsiku limene anawaona koyamba. Pilirani anaseka ataphimba pakamwa ndi nsalu, kenaka anapukuta m'maso ndi nsalu yomweyo.

"Nanga za bambo ake ndizimuuza chiyani? Sindinamuuzepo kanthu. Ndimaopa kuti adzayamba kudikira munthu amene sabwera."

"Muuze zimene ukudziwa. Dzina lawo, dziko lawo, zimene ankakonda. Akapanda kumva kwa iwe adzamva pamsewu, ndipo a pamsewu sadzamuuza bwino."

"Ankakonda kuimba mluzu akamagwira ntchito," anatero Pilirani pang'onopang'ono. "Mwanayu nayenso amaimba mluzu. Palibe anamuphunzitsa."

Lachisanu lotsatira Dora analowa pakati pa bwalo asanaitanidwe.

"Ine ndine Dora NyaMsowoya. Amama kwawo ndi ku Wovwe. Adada kwawo ndi kutali, amakwera ndege. Ine kwathu ndi ku Chilumba."

Anadumpha ndi miyendo yonse iwiri, naimba mluzu. Kudumphako anzake anatsanzira mosavuta, koma mluzu unawakanika. Anangotulutsa mpweya ndi malovu, ndipo kwa masabata angapo Dora ndiye anali mphunzitsi wa mluzu pa nthawi yopuma.

Zipanda zija Ambokile anaziboola, namata timapepala ta jumbo, napatsa mwana aliyense chake. NyaMhango anang'amba nsalu yakale ya patebulo kupanga timipango. Ng'oma inali chigubu cha mafuta ophikira. Kale malipenga anali a amuna okha, koma pabwalo lija anyamata ndi atsikana ankaponda limodzi, mizere yokhotakhota, phokoso lake ngati njuchi zolusa. Anthu opita kumsika ankaima pa mpanda kuonerera. Bambo wina anadandaula kuti sanatumize mwana wake kudzaphunzira magule, ndipo NyaMhango anaitana mwanayo kuti adumphe ngalande akuwerenga m'Chingerezi, bamboyo n'kuchoka akung'ung'udza pang'ono chabe. Ridwan, bambo a Nafisa, anabwera tsiku lina atasiya golosale m'manja mwa mkazi wake, nati mwana wake akulakwitsa beni. Anakwinya mkanjo wake naguba pabwalo lonse, ana ali pambuyo pake, mpaka anakhala pansi akupempha madzi.

Dora sanakhale katswiri. Pothamanga ankafika pakati, povina ankasokoneza mwendo wakumanja ndi wakumanzere. Ngalande anadzaidumpha mwezi wachiwiri, Ambokile atayandikitsako mizere pang'ono osauza munthu. Dzina lakuti mzungu nalo silinathe. Pamsewu anthu ankamukuwabe, ndipo ngakhale pasukulu linkatuluka ana akakangana. Kungoti tsopano ankatembenuka n'kuyankha m'Chitumbuka kuti iye ndi NyaMsowoya, n'kupitiriza zimene amachita.

Mpunga utakololedwa Pilirani anamutenga mwanayo kupita naye ku Wovwe kwa amalume ake, kumene anali asanapite naye chibadwire. Anakhalako sabata yathunthu. Dora anabwerako ndi khungu losenda pamphuno ndi nkhani zosatha za ng'ombe, ndipo anauza a Sajeni kuti agogo ena otchedwa Hudson anamupatsa nzimbe, n'kumuuza kuti amayenda ngati Golden.

Chaka chitatha Dora, Khumbize ndi Nafisa anapita ku pulayimale. Ambokile anamva kusowa kwawo kuposa mmene ankayembekezera, ndipo sabata yoyamba ankangoitana ana atsopano ndi mayina a akale. Mwa atsopanowo munali mapasa awiri a mayi wina wa ku Kyela, ku Tanzania, amene anabwera kudzagulitsa zitenje. Sankamva Chitumbuka kapena Chichewa, ndipo ankangogwirana malaya pafupi ndi chitseko. Lachisanu Ambokile anapita pomwe anaima, nawerama, nawalankhula m'Chinkhonde chimene anali atakhala nthawi yaitali osachilankhula. Anawo anayang'anana, chifukwa chinali pafupi kwambiri ndi chilankhulo cha agogo awo. Mmodzi anayankha, kenaka mnzakeyo, ndipo Ambokile anawafunsa kuti kwawo ana amadumpha bwanji.